Lipoti la ulendo wokatenga boti lathu ku Monkey Bay

Anzanga a m'gulu, boti lija lafika. Pano lili pa nangula ku Senga Bay. Ambiri mwakhala mukundiimbira kufunsa mmene tinayendera, ndiye ndati ndilembe kamodzi kuti aliyense amve, makamaka inu amene mwakhala mukusonkha mwezi ndi mwezi kwa zaka ziwiri musanalione n'komwe.

Tinanyamuka mu Lilongwe Lachinayi mbandakucha, anthu asanu. Tinadzera ku Dedza, kutsetsereka Khwekhwerere mpaka pa Golomoti, kenako msewu wa ku Monkey Bay. Pamsonkhano uja ena munafunsa chifukwa chake sitikungolikweza pa lole. Botili ndi la mamita 7, ndipo kunsi kwake kuli chitsulo cholemera chimene chimaligwira kuti lisagubuduzike mphepo ikakankha thanga. Kuti likwere lole tikanayenera kuzula mlongoti ndi kubwereka makina onyamulira, ndipo amayi msungichuma atawerengera anapeza kuti ndalama zakezo n'zokwanira kugula thanga lina latsopano. Tinagwirizana zodutsa pamadzi, anayi m'boti, mmodzi azungulire ndi galimoto kudzera ku Chipoka akatidikire ku Salima.

Lachinayi lonselo linathera pa doko. Sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, inali pomwepo, ndipo boti lathu pafupi nayo linkaoneka ngati kamwana. Mwini wake wakale, bambo wachikulire amene mawondo ayamba kuwavuta, sanafune kungolandira ndalama n'kumapita. Anatigwiritsa chingwe chilichonse, anationetsanso pamene madzi amadonthera m'kachipinda mvula ikagwa, osabisa. Chingwe chokwezera thanga lalikulu tinachipeza chitayamba kuthetheka pamwamba, ndipo mnyamata wamng'ono pa tonsefe anakwera mlongoti kukachisintha. Titasainirana mapepala bambowo anati, "Ana anga, mukangoganiza zopinda thanga, pindani nthawi yomweyo. Musadikire kuti muone kaye."

Lachisanu unali ulendo waufupi, kuzungulira mapiri a Nankumba kupita kwa Chembe, kumene mapu amati Cape Maclear. Kamphepo kanali kofatsa. Pa Ilala Gap, kampata ka pakati pa chilumba cha Domwe ndi kumtunda, tinatsitsa matanga n'kuliza injini, chifukwa ndi pothina ndipo miyala ili mbali zonse. Madzi ake ndi oyera moti mbuna zabuluu ndi zachikasu zimaoneka zikudya ndere pamiyala ngati zili m'beseni. Derali ndi paki yotetezedwa kuyambira 1980, ndipo UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha tinsomba timeneti. Madzulo tinakaona manda a amishoni a Livingstonia, amene anamanga pamenepa mu 1875 n'kusamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atawasautsa.

Zimene ndikufuna mumvetsetse ndi za Loweruka. Usiku mwera unayamba. Tinagona m'boti zingwe zikumenya mlongoti mpaka kucha. Patsogolo pathu panali makilomita pafupifupi 40 a nyanja yopanda pobisala. Pagombe la Chembe sipankaoneka zoopsa, chifukwa mapiri amatchinga mphepo ya kummwera. Awiri mwa ife ankati tinyamuke, popeza timalowera chakumpoto ndipo mwera uzingotikankha kumsana. Komanso Lolemba kunali ntchito. Inenso ndinali mbali yomweyo, ndisaname. Wapampando anati tiyambe tafunsa asodzi.

Tinapeza agogo ena akusoka chilimira pansi pa mtengo. Titapereka moni n'kufotokoza za ulendo wathu, sanayankhe msanga. Anamaliza mfundo imene ankamanga, kenako analoza kupyola chilumba cha Thumbi. "Bambo, tayang'anani uko. Mwaonako bwato la munthu?" Kunalibe ngakhale limodzi. Mabwato onse anali atakokeredwa pamchenga, mathandala a usipa ali pululu, ndipo kutali kunkaoneka mzere woyera wa mafunde akusweka. "Uwu ngwa masiku awiri," anatero. "Mawa mulawire dzuwa lisanatuluke."

Tinakhala. Tsikulo sindiliwerenga ngati lotayika. Agogo aja anatifotokozera mphepo za panyanja: mwera wa m'nyengo yozizira, umene umavuta kwambiri kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mpoto wa m'dzinja, vuma yochokera kum'mawa, ndi zambwe yochokera kumadzulo. Ife a mumzinda timati kumpoto, kummwera, kuvuma, kuzambwe, pongoloza mbali. Kunyanja amenewa ndi mayina a mphepo zimene zimauza munthu ngati lero ana adya kapena ayi. Masana tinamva pawailesi chenjezo la a zanyengo lonena za mwera womwewo.

Lamulungu tinazula nangula 5 koloko, aliyense atavala jekete yoyandamitsa. Mphepo inali itachepa, koma titangopitirira chilumba cha Mumbo tinakumana ndi mafunde amene mwera unasiya. Tonsefe tinaphunzirira thanga padamu la Kamuzu ku Malingunde, ndipo damulo ndimalikonda, koma linatiphunzitsa zingwe ndi chiwongolero basi. Padamu mphepo ikakula madzi amangochita makwinya, gombe lili pomwepa. Panyanja mphepo imakhala itayenda mtunda wautali popanda chotchinga, ndiye mafunde amabwera ataliatali ndi othithikana, lina lisanakutsitse lina lakunyamula kale. Boti linkadzuka kumbuyo, kutsetsereka, n'kufuna kupotokera cham'mbali, ndipo wogwira chiwongolero ankayenera kulibweza pa funde lililonse. Pakatha theka la ola mkono unkachita dzanzi, ndiye tinkasinthana.

Cha m'ma 8 koloko mphepo inayambanso kukula. Wina anangoti, "Kodi tipinde?" ndipo tonse tinakumbukira mawu a bambo aja. Mnyamata uja anakwawa kupita pamlongoti atamangidwa chingwe m'chiuno, anatsitsa thanga pang'ono, ife tikumangirira chotsalacho ku mtengo wopingasa. Boti linawongoka pomwepo, chiwongolero chinapepuka, koma liwiro silinasinthe kwenikweni. Amayi msungichuma anasanza kawiri, komabe nthawi yawo yogwira chiwongolero itakwana sanalole kuti wina awagwirire. Ndi iwowo amene anatifikitsa ku Maleri.

Kuseri kwa zilumba za Maleri madzi anadekha. Tinaponya nangula, tinadya mbatata yophika ndi tiyi wa mu fulasiki, nkhwazi ziwiri zikulira pamtengo wa pamwamba pa thanthwe. Wapampando analoza kumtunda, kumene Linthipe amathira m'nyanja, n'kutikumbutsa kuti mtsinje wa Lilongwe umathira mu Linthipe yemweyo. Madzi osefukira padamu lathu lija amadzafika pamenepa. Ndinayang'ana mabango a kugombelo nthawi yaitali, mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba kuchokera m'mawa.

Tikuchoka pamenepo boti linangoima mwadzidzidzi ngati wina waligwira. Chingwe cha ukonde wa machera chinali chitakola chitsulo cha pansi chija. Asodzi amaika mabotolo apulasitiki ngati zizindikiro, ndipo m'mafunde saoneka mpaka utafika pomwepo. Mpeni unali pafupi, koma wapampando anakaniza, ndipo anachita bwino, chifukwa ukonde ndi chuma cha banja la munthu. Tinatsitsa matanga, mnyamata uja anavala magalasi a m'madzi, anamira katatu atagwira chingwe chathu, mpaka anakolola. Ukondewo sunang'ambike. Kuchokera pamenepo tinaika munthu mmodzi kutsogolo, ntchito yake kungoyang'ana mabotolo.

Chilumba cha Namalenje chinaonekera masana, ndipo cha m'ma 3 koloko tinalowa mu Senga Bay. Mnzathu wa galimoto, amene anagona ku Salima masiku awiri akutidikira, anali pamchenga akukupiza chitenje. Ana anathamangira m'madzi kudzagwira chingwe. Titaponda pansi mchenga unkaoneka ngati ukuyenda.

Tsopano za ntchito. Pamene pamadontha paja pakufunika kumata mvula isanayambe. Nangula amene tili naye ndi wopepuka, ndipo Senga Bay ndi poyera, ndiye tikufunika wina wolemera ndi unyolo wake mwezi uno usanathe. Tagwirizana ndi bambo wina wa pagombepo kuti aziliyang'anira usiku, ndipo malipiro ake amayi msungichuma awafotokoza pamsonkhano. Ine ndidzapempha kuti tilembe m'malamulo athu zinthu ziwiri: wopanda jekete asakwere, ndipo boti lisachoke pagombe tisanafunse asodzi a pamalopo. Loweruka likubwerali tikupita kukalitsuka. Kuchokera mu Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 120, galimoto inyamuka 6 koloko m'mawa, ndipo malo otsala ndi atatu.