Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Nya ndi Nha

Tinachoka ku Moatize, ku Mozambique, ntchito ya kumalasha itanditsokonekera, ine, mayi a mwana ndi kamtsikana kathu ka miyezi isanu ndi itatu. Tinadzera ku Mutarara kukatsanzika apongozi, n'kudzalowera m'Malawi pa chipata cha Marka. Ndinkangoti ndafika kwathu, zatha.

Kwathu kuno malire sitinkawawerengera. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, isanathe mu 1992, pakhomo pa agogo pankagona mabanja atatu a kutsidya, ndipo palibe ankawatcha alendo. Chisena chimodzi, nsima yake yomweyo ya mapira. Mkazi wanga atafika anangotenga ndowa n'kupita kumjigo ngati wobadwira pomwepo. Koma chidindo cha m'pasipoti mwake chinkanena zina: masiku 30.

Ndinayamba ndi zokalembetsa mwana. Ndinatenga kalata kwa amfumu, chiphaso changa cha unzika chija tinajambulitsa mu 2017, ndi kabuku ka kubadwa kwa mwana kamene ku Mozambique amati cédula, n'kupita ku boma. Mayi amene anandilandira anaziyala patebulo, nayang'ana uku ndi uku.

"Bambo, mwanayu ndi wanu?"

Magazi anandithamanga. Iwo anangoloza ndi cholembera. Dzina la kwathu limayamba ndi "Nya", koma Chipwitikizi chimalemba liwu lomwelo "Nha". Kalaliki wa ku Tete analemba mwa kwawo, ine ndili pompo, ndikusekerera kuti ndabereka. Sindinawerenge n'komwe. Papepala, ine ndi mwana wanga tinali anthu a mabanja awiri. Anati ndikapeze wotanthauzira zikalatazo m'Chingerezi, ndikalumbirenso kwa woweruza kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi.

Za mkazi ndiye zinandichititsa manyazi. Ofesi ya zolowa ndi kutuluka ili ku Blantyre, ndiye ndinalawirira: Bangula, Ngabu, Nchalo, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, minibasi n'kuyamba kulira pokwera phiri kuchokera pa Thabwa. Atandifunsa umboni wa ukwati, ndinayankha modzitama kuti ndinalowola, ng'ombe zinapita, ankhoswe alipo. Mnyamata wa pawindo anaseka pang'ono.

"Achimwene, ng'ombezo sitingaziike mufayilo."

Sanalakwe. Ukwati wa pachikhalidwe lamulo la 2015 limauvomereza, koma pawindo amafuna kugwira pepala. Anandiwerengeranso zina: zithunzi, pasipoti yake, kalata yosonyeza kuti ndingathe kumusunga. Yomalizayi inandibaya, poti nthawi imeneyo ndinkangogulitsa mlamba wouma pamsika.

Ndinafika kunyumba usiku, kutentha kusanaphwe. Ndinamupeza ali pamphasa panja, akukupiza mwana ndi chitenje. Nditamufotokozera, anakhala chete, kenako anati: "Ndiye abambo ake, mundikwatira kachiwiri? Diresi mugula."

M'pasipoti munali mutatsala masiku 11. Mmawa mwake ndinabwereka njinga kupita kwa abusa.