Zikomo nonse amene munatigwira dzanja pa dimba la sukulu

Sukulu tatsekera. Ine monga mphunzitsi woyang'anira za umoyo ndi kadyedwe ka ana pasukulu pathu, ndati ndisapite kutchuthi ndisanathokoze poyera anthu amene mwatithandiza chaka chino.

Pamene tinkayamba, ana ankatchula bwinobwino magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamafuta, zamasamba ndi zipatso. Pamayeso ankakhoza ndithu. Koma ikakwana buleki, kandalama konse kankathera ku zigege ndi maswiti, ndipo mwana wobwera ndi magwafa kapena masuku ankadyera kuseri kwa kalasi poopa kusekedwa kuti kwawo n'kosauka. Ana ankadziwa, koma manyazi ndiwo anali atawamanga.

Choncho ndiyambe ndi inu agogo athu ndi amayi a gulu la amayi pasukulu pano. Munasiya ntchito zanu n'kubwera ndi miphika yanu. Munaphika bonongwe, chisoso, luni ndi kholowa wotendera nsinjiro, ana akuona ndi maso awo, ndipo munawaphunzitsa kufutsa nkhwani ndi khwanya n'kusunga m'chikwatu kuti ndiwo zisasowe m'chilimwe. Mawu anga a pabolodi sakanatha kuchita zimene munachita inu. Mwana akaona agogo ake akuphunzitsa kutsogolo, aphunzitsi tili chete kumvetsera, amayamba kuona ndiwo zakwawo mwaulemu. Ambuye akudalitseni.

Alangizi athu a zaumoyo, zikomo pofotokoza zinthu m'chilankhulo chimene mwana wa sitandade 4 angamve: kuti mango, mapapaya ndi mbatata yofiira mkati zili ndi vitamini A amene amathandiza maso ndi chitetezo cha m'thupi, kuti masamba obiriwira amawonjezera magazi, komanso kuti malambe ndi magwafa zili ndi vitamini C wambiri. Munachenjezanso za soda ndi kuphika masamba mpaka kufiira, ndipo makolo ena andiuza kuti tsopano ana awo ndi amene amawakumbutsa kukhitchini. Alangizi a zaulimi, mbewu ya mbatata ija inaphuka, ndipo ina tagawira mabanja.

Sizinali zophweka. Mbuzi zitalowa n'kumaliza mpiru woyamba, ana analira, inenso mtima unandiwawa. Agulupu ndi abambo a komiti ya sukulu munadula udzu ndi mitengo n'kumanga mpanda osalandira kanthu. Madzi atachepa pamjigo, amayi a m'mudzi munalola kuti ana atunge kaye othirira. Inunso amene mumalawirira m'mamawa kudzaphika phala, sindinakuiwaleni. Mwana wanjala sakanamva phunziro lililonse.

Kwa inu ana anga a kalabu ya dimba, ndikunyadirani kwambiri. Munanyamula makeni m'mawa wozizira wa June osanyinyirika. Lero mumadya nthochi ndi mapeyala poyera, ndipo anzanu amene ankaseka ndi omwe akupempha kuti muwagawireko.

Tchuthi chino kuthirira kupitirira motsatira ndandanda imene tamata paofesi ya aphunzitsi aakulu. Makolo amene muli ndi mbande za mapapaya, magwafa kapena mango, chonde tisungireni, tidzabzala mvula ikayamba. Zikomo kwambiri nonse.