Monkey, nkhunzi ya ku Texas imene yandimasula

Anzanga a m'kalasi la zoweta, mtima wakhala pansi tsopano. Nkhani ya King Ranch ija, famu yaikulu ya ng'ombe ya ku America, yalowa.

Zoti Richard King anayamba famuyi mu 1853 kum'mwera kwa Texas, ndi zoti lero ndi maekala 825,000, sindibwereza, munazilemba kale. Chimene chimandizunguza mutu ndi Santa Gertrudis, mtundu wa ng'ombe umene unapangidwira pomwepo. Aphunzitsi anangolemba pabolodi kuti 3/8 Brahman, 5/8 Shorthorn, magawo a magazi a mitundu iwiri ya ng'ombe imene anasakaniza, nafufuta, ati nthawi yatha. Nthawi imatha nthawi zonse pamene pafika povuta!

Ndinatenga pepala n'kujambula mzere wa makolo, nkhunzi kumanzere, yaikazi kumanja, mwana pansi, aliyense ndi gawo lake la magazi. Nkhunzi ya 3/4 Brahman ikakwera Shorthorn yeniyeni, mwana amatenga theka la 3/4, ndiyo 3/8 ija. Basi. Ine ndikuti phunziro lililonse la mitundu ya ziweto lizichitika ndi pepala lotere, mabuku enawa angotaya nthawi.

Koma chimene chinanditsegula maso si masamuwo. Kusakaniza mitundu aliyense angathe. Shorthorn inali ndi nyama koma imafooka ndi kutentha ndi nkhupakupa, Brahman ya linunda ija imapirira. Vuto ndi loti ana a ng'ombe zosakaniza amabadwa mosiyanasiyana, wina kutengera uku, wina uko. Mu 1920 kunabadwa nkhunzi yofiira, Monkey, imene ana ake ankafanana nayo. Robert Kleberg Jr., mdzukulu wa King, ndi anthu ake anagwira pomwepo: kusankha ana ndi zidzukulu zake, kuzikweretsa zokhazokha, zosafanana nazo n'kuzichotsa, mpaka magazi anakhazikika. Mu 1940 boma la America linauvomereza ngati mtundu pawokha. Zaka 20 akusankha! Ndiye kuti sanalimbane ndi dzuwa la ku Texas, anapanga ng'ombe yoti ikhale nalo.

Ndipo ntchitoyi inali m'manja mwa a Kineños, mabanja a antchito a pafamuyi amene King anawatenga ku Cruillas, ku Mexico, mu 1854. M'kalasi sanatchulidwe n'komwe, zimene zandinyansa.

Pamene ndikadakayika ndi apa: mu 1933 famuyi inachita mgwirizano ndi kampani ya Humble Oil wofufuza mafuta pamalo ake, ili ndi ngongole. Ndiye chinapulumutsa famuyi ndi ng'ombe kapena mafuta? Pepala langa lija pamenepa silikundithandiza, ndipo mayeso ayandikira.