Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Kagetsi kobiriwira ka Land Rover ya amalume

M'gawo lapitali ndinalekezera pamene amalume anandipatsa makiyi a Land Rover yawo, Series IIA ya 1965, ya petulo, injini ya malita 2.25. Galimotoyi inali itakhala nthawi yaitali pansi pa tenti. Kuliza kokha inkalira, koma inabwera ndi matenda ake.

Loyamba linali sitata yolefuka. Ukadina batani imangoti ngwii, ngwii, chonsecho batire ndi latsopano. Amalume anandiuza kuti ndigwire waya wa tchoko iwo akuliza. Unali wotentha moti ndinachotsa dzanja msanga.

"Waona mphwanga? Magetsi akusowa njira yobwerera, ndiye akudutsira mmenemo," anatero.

Lamba wa earth, waya wokhuthala wobwezera magetsi amene amalumikiza injini ndi chassis (chitsulo chonyamula galimoto yonse), anali atadyeka, pabawuti pake pali dzimbiri lokhalokha. Tinapala mpaka chitsulo chinawala, n'kuikapo lamba wina. Apa ndichenjeze amene mwagula galimoto za zaka zimenezi: Land Rover zopangidwa isanafike 1967 zinkatuluka ndi positive earth, kutanthauza kuti mutu wa + wa batire ndi umene umamangidwa ku chitsulo cha galimoto. Yang'anani kaye musanamange batire mmene munazolowerera.

Chimene chinandisowetsa tulo ndi kagetsi kobiriwira ka oyilo. Kankaphethira pamsewu wa mabampu, komanso kankayaka injini ikatentha galimoto itaima. Anzanga onse anali atagamula kale kuti ma bearing, tizitsulo timene shafti ya injini imazungulirapo, atha, injini iphwasulidwe. Ine mpaka lero ndimadabwa mmene anthu amafulumirira kuphwasula injini za eni ake.

Amalume anakana. Anandifotokozera kuti kagetsiko sikadziwa kanthu za oyilo. Kamalandira moto kuchokera pakiyi, ndipo waya wake umakathera pa kasiwichi kali pamutu pa fyuluta. Pulesha ya oyilo ikatsika kwambiri, kasiwichiko kamagunditsa wayayo ku chitsulo cha injini, getsi n'kuyaka. Ndiye ngati waya yemweyo wasupuka penapake n'kukhudza chitsulo, getsi liyakanso chimodzimodzi, oyilo ali bwinobwino.

Tinazula waya pa kasiwichi, n'kutsegula kiyi. Getsi linayenera kukhala lozima. Nditagwedeza mtolo wa mawaya kuseri kwa dashibodi, linaphethira. Pabowo lodutsira mawaya kupita ku injini, kalabala kotchinjiriza kanali katauma n'kugwa, ndipo m'mphepete mwa chitsulo munali mutacheka wayayo, timikuwa tikuonekera. Tinadula, kulumikiza, kuikapo labala wina. Za pamabampu zinathera pomwepo.

Koma injini itatentha, kagetsi kaja kanayakanso. Apa nkhope ya amalume inasintha.

"Tsopano iyi ndi nkhani ya oyilo yeniyeni. Zimitsa."

Anatulutsa geji yawo yakale ya paipi yoyezera pulesha ya oyilo, tinamasula kasiwichi n'kumanga gejiyo pamalo pake. Injini ili yozizira muvi unakwera bwino, itatentha unayamba kutsika mpaka kutsala pang'ono kugona. Buku la galimotoyi limafuna pulesha ya 45 mpaka 65 psi injini itatentha, ukuyenda 50 km pa ola pa giya yomaliza. Ife sitinkayandikira n'komwe.

"Amalume, ndiye kuti anzanga aja amanena zoona?"

"Usathamange. Ma bearing akatha amagogoda. Wamva kugogoda?"

Kunalibe. Tinatsitsa sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini. Sefa ya pampu inali itamatidwa ndi phala lakuda lomwe ndinachita kukanda ndi sikuludilaiva, ndipo tinkangoona timabowo towerengeka. Titamasula valavu yochepetsa pulesha yomwe ili papampu, kapisitoni kake kanali kolimba, katakakamira potseguka pang'ono, moti oyilo wina ankangobwerera m'sampu osafika kumene akufunika. Tinatsuka zonse ndi palafini, kusalaza kapisitoniko, kusintha sipuling'i, gasiketi ndi fyuluta. Oyilo tinathira 20W-50. Amene anali mmenemo anali wopyapyala wa galimoto zamakono, amene injini yakale yotakasuka chonchi siugwira ikatentha.

Pamsewu muvi unakhazikika pa 50 psi. Amalume anaumirira kuti gejiyo ikhale m'galimoto mpaka kalekale, pambali pa kagetsi, ndipo tinaimangira pansi pa dashibodi.

Linatsala getsi lofiira la dayinamo ya Lucas yotchajira batire, limene linkayaka mozilala usiku ndikayatsa malaiti akulu. Limenelo ndi la gawo lotsatira.