Fayilo inati magalamu 62, sikelo inati 88

Loweruka lapitali tinapita ine ndi mwana wanga wamkazi kumalo komwe kalabu yathu imaulutsirako maroketi kuno ku England, ndi munda wa mlimi wina basi, udzu okhaokha ndi nkhosa zikudya chapatali uko. Tinanyamula Big Bertha, roketi yaing'ono yomanga wekha ya kampani ya Estes, yonenepa ija ya zipsepse zinayi, yomwe tinakhala tikumanga masabata atatu patebulo lodyera mpaka mayi ake kumatiuza kuti tizichotsa guluu nsima isanabwere. Usiku wa dzulo lake ndinali nditatsegula OpenRocket, pulogalamu ya pakompyuta yowerengera momwe roketi iulukire, ndinatenga fayilo ya .ork ya Big Bertha yomwe munthu wina anaika pa intaneti, ndikuikamo mota ya C6-5 (5 ameneyo ndi masekondi omwe mota imadikira ikasiya kukankha isanatulutse parachuti), pulogalamu inati ikwera mamita pafupifupi 170 ndipo parachuti itsegukira pamwamba penipeni. Ndinagona mtima uli m'malo.

Kunyamuka inanyamuka bwinobwino, mwana anadina batani yekha, utsi woyera mzere umodzi kupita kumwamba. Koma inafika pamwamba msanga, kenako inagwada mphuno kuloza pansi ndikuyamba kutsika parachuti isanatuluke, ine mtima phaphapha, ndiye itathamanga kale ndi pomwe tinamva phu, parachuti kutseguka mwamphamvu moti chingwe chinang'amba kukamwa kwa chubu ngati zipi ya thalauza. Kachipangizo koyeza kutalika komwe tinamangirira kumphuno kanalemba mamita 124. Mwana anaitola ndi manja awiri, kuiyang'ana pong'ambikapo, ndikundifunsa kuti "Adadi, ndiye kuti kompyuta ija inanama?" Funso limenelo landikhala m'mutu sabata yonse.

Bambo wina wachikulire wa pakalabupo, amene wakhala akuulutsa zinthuzi ine ndisanabadwe, sanayankhule zambiri ayi, anangofunsa ngati tinaiyeza pasikelo titamaliza kupenta. Anatulutsa kasikelo ka kukhitchini m'galimoto mwake, tinaikapo roketi yopanda mota, magalamu 88. Mufayilo muja munalembedwa 62. Magalamu 26 pa kanthu kopepuka chonchi ndi katundu wambiri zedi, ndipo ena mwa iwo ndikudziwa komwe anachokera: guluu amene tinapaka mowolowa manja m'mbali mwa zipsepse kuti zisathyoke, penti wapansi, penti wachikasu maulendo atatu chifukwa mwana ankafuna iziwala, kachipangizo koyezera kaja kokha magalamu pafupifupi 10, timapepala toteteza parachuti kumoto. Zonsezi mwini fayilo sakanazidziwa, roketi yomwe anajambula si yomwe ife tinamanga.

Koma nditafika kunyumba ndinaitsegulanso fayilo ija ndikuyamba kuona chidutswa chimodzichimodzi, apa ndi pomwe ndinakhumudwa kwenikweni. Kachubu kakang'ono kolowetsa pachitsulo chonyamukira mulibemo, kawaya kogwira mota mulibemo, chingwe cha parachuti mulibemo, ndipo khungu la roketi yonse analiika pa "polished", kutanthauza losalala ngati galasi, pomwe roketi yopentedwa ndi sipuleyi panja pa nyumba sifika pamenepo olo pang'ono, ndiye pulogalamu imaona ngati mphepo siikuigwira kwambiri nkumalonjeza mamita omwe kulibe. Zikuoneka kuti munthuyo anangoona chithunzi ndi miyeso ya pa paketi basi, osagwirapo roketiyo ndi manja, ndipo sanalembe chilichonse chochenjeza. Dzina la fayilo linali la kit, paketi ya zidutswa yomwe umagula nkumanga wekha, ngati kuti ndi yotsimikizika.

Mwana ndinamuyankha kuti ayi, kompyuta sinaname, inawerengera bwinobwino roketi ina yake yomwe siinali yathu. OpenRocket ndimaikhulupirirabe. Anaiyamba ndi Sampo Niskanen ku Finland ngati ntchito ya digiri yake ya masters mu 2009, ndi yaulele, ndipo masamu opezera malo omwe mphepo imakankha roketi, omwe timangoti CP, amachokera pa ntchito ya James Barrowman ya mu 1967 yomwe anthu aiyesa zaka zonsezi. CP imadalira maonekedwe, ndiye ngati miyeso ya zipsepse ndi chubu ili yolondola imatuluka bwino. Vuto lili pa CG, paja roketi imakhazikika ukaiika pachala, chifukwa iyo imadalira kulemera kwa chidutswa chilichonse ndipo apa ndi pomwe mafayilo ogawana amaphonya kwambiri. Lamulo lomwe aliyense pakalabu amaliloweza ndi loti CG ikhale kutsogolo kwa CP ndi mtunda wofanana ndi kunenepa kwa chubu kamodzi kapena kawiri, pa Big Bertha chubu chake ndi mamilimita pafupifupi 42.

Ife tinachita mwayi kuti Bertha ndi roketi yofatsa, zipsepse zake ndi zikuluzikulu moti olo uphonye pang'ono imaulukabe mowongoka. Chomwe chikundiopsa ndi maroketi afupiafupi a zipsepse zing'onozing'ono. Tangoganizani wina walemba mufayilo kuti mphuno ndi pulasitiki yodzadza mkati pomwe yeniyeniyo ndi yamphako, pakompyuta CG ipita kutsogolo, nambala ioneka yabwino, iwe nkuikamo mota yaikulu yolemera kumbuyo, kenako roketi nkumazungulira m'malere moto uli kuyaka ana ataima chapafupi. Palinso zolakwika zooneka zazing'ono, mu OpenRocket katoni ndi makilogalamu 680 pa kiyubiki mita pomwe balsa, thabwa lopepuka lopangira zipsepse, ndi 170, ndiye munthu akaiwala kusintha zipsepse kuchoka pa katoni kupita pa balsa zimalemera kanayi, komanso balsa weniweniyo samalemera mofanana, thabwa lina limakhala lopepuka lina lolimba.

Chinanso chomwe bambo aja anandikumbutsa nchoti kit yokhala ndi dzina limodzi imasintha ndi zaka. Big Bertha inatuluka mu 1965, zakalezo mphuno yake inali ya balsa, zamasiku ano ndi ya pulasitiki, ndiye fayilo ikangoti Big Bertha osanena kuti ya liti, iwe udziwa bwanji? Mafayilo enanso anayambira mu pulogalamu ina yotchedwa RockSim ya kampani ya Apogee Components ngati .rkt kenako wina nkuwatsegula mu OpenRocket nkuwasevanso, ndipo RockSim ili ndi njira yakeyake yowerengera CP pambali pa ya Barrowman, choncho nambala yomwe mwini wake anaona siikhala yomwe iwe ukuona. Fayilo imayenda m'manja mwa anthu ambiri, aliyense kusinthako kanthu, palibe wolemba kuti wasintha chani.

Sindikunena kuti anthu asiye kugawana mafayilo, ayi ndithu, kujambula roketi kuyambira pachiyambi kumadya madzulo onse ndipo amene amapereka ntchito yawo mwaulele ndimawathokoza. Pempho langa ndi laling'ono: mu OpenRocket muli malo olembapo ndemanga, lembanimo kuti miyeso munaitenga ndi rula pa kit yeniyeni kapena pachithunzi, kit ya chaka chiti, kulemerako ndi kwa pasikelo kapena kongowerengera, munaiulutsapo kapena ayi ndipo inafika mamita angati. Mizere inayi basi. Ndikanaona mawu oti sinayesedwepo ndikanatenga sikelo usiku omwe uja.

Lamulungu madzulo tinakhala pansi ine ndi mwana, iye akugwira rula ine ndikulemba. Tinayeza chipsepse chilichonse, tinawonjezera zidutswa zomwe zinasowa, khungu tinaliika pa penti wamba. Tinalongedza parachuti ndi kachipangizo kaja ngati tikukaulutsa, mota yokha osaikamo, tinaiika pasikelo, kenako tinaikoleka pa ulusi mpaka itakhazikika ndikuyeza kuchokera kunsonga ya mphuno, manambala awiriwa ndikuwalemba pa "override" kuti pulogalamu isiye kungoganizira. Titayendetsanso ndi C6-5 inapereka mamita 130 ndi kena kake, pafupi ndithu ndi 124 yathu ija, ndipo inaonetsa poyera kuti masekondi 5 odikira aja ndi ochuluka pa kulemera kumeneku, parachuti imatuluka roketi itayamba kale kugwa. Ndi C6-3 imatuluka itatsala pang'ono kufika pamwamba ikuyenda pang'onopang'ono.

Pong'ambika paja tadulapo masentimita awiri ndikumata chingwe chatsopano chachitaliko, ndiye tiyenera kuiyezanso chifukwa yafupika. Mwana walemba kale ndi pensulo mkati mwa chivindikiro cha bokosi kuti C6-3, ndipo akuti fayilo yathu tikadzaiika pa intaneti ndemangayo alemba ndi iyeyo, koma tidikire kaye iuluke mwezi wamawa kuti tidzaikemo nambala ya kachipangizo kaja.