Zolemba za tsiku: 22 Sepitembala 1789, pamtsinje wa Rymnik

Kusanache, asilikali 7,000 a Russia otsogoleredwa ndi mkulu wa nkhondo Suvorov ndi anzawo a Austria pafupifupi 18,000 a Kalonga Coburg awoloka mtsinje wa Râmna mwakachetechete kukamenyana ndi asilikali a Turkey, m'dera lomwe lero lili ku Romania. A Russia angofika dzulo kuchokera ku Bârlad, atayenda makilomita pafupifupi 100 m'matope kwa masiku awiri ndi theka. Asilikali a Turkey alipo pafupifupi 100,000, koma nduna yaikulu ya Sultan, mfumu ya Turkey, yawagawa m'misasa itatu yotalikirana: wa ku Târgu Cucului, wa pankhalango ya Crângul Meilor, ndi wa ku Martinești m'mbali mwa Rymnik. Pakati pake pali zigwa, choncho msasa wina sungathamangire kukathandiza unzake. Vuto lawo layambira pomwepa.

M'mawa Suvorov walanda msasa wa ku Târgu Cucului. Asilikali oyenda pansi akuyenda m'magulu a mbali zinayi, mfuti zitaloza mbali zonse, magulu atatalikirana pang'ono kuti azitetezana ndi zipolopolo, apakavalo ali kumbuyo. Apakavalo a Turkey ndi aliwiro zedi, ndipo mzere wautali umodzi amauzungulira n'kuulowera kumsana, pomwe gulu la mbali zinayi alibe polilowera. A Austria, omwe ambiri amawaiwala akamakamba za nkhondoyi, apirira kwa maola angapo apakavalo ochuluka omwe amafuna kuwalekanitsa ndi a Russia. Mpata wa pakati pawo wautseka ndi Karaczay, mmodzi wa akuluakulu a asilikali a Austria.

Masana mizinga ya a Turkey ya pamudzi wa Bogza yalandidwa, a Russia ndi a Austria akumana kutsogolo kwa Crângul Meilor. Apa Suvorov waona kuti ngalande ya a Janissary, asilikali oyenda pansi a Sultan, sinathe kukumbidwa: njosazama, mulu wa dothi ngwaufupi. Nthawi zambiri kutumiza akavalo pangalande n'kuwataya, koma iye wawatumiza, alumpha, asokoneza owombera mizinga, oyenda pansi n'kufika pambuyo ndi mipeni ya kunsonga kwa mfuti.

Madzulo aliyense wa ku Turkey akuthawira ku Martinești. Mtsinje wasefukira ndi mvula, powolokera patsekeka ndi ngolo ndi ziweto, ndipo ambiri amira. Mizinga ndi katundu wa m'misasa zatsala m'manja mwa opambana. Pambuyo pake Mfumukazi Catherine II ya Russia inapatsa Suvorov dzina laulemu la Rymniksky, lochokera ku dzina la mtsinje wa Rymnik, ndipo Mfumu Joseph II ya Austria inakweza Coburg kukhala field marshal, udindo wapamwamba kwambiri wa usilikali.