Mmisiri akufuna kumata simenti pa nyumba yakale

Mawu a mmisiri amene ndinakumana naye masanawa pa nyumba yakale ya kumudzi ija akundisowetsa mtendere. Eni ake anamuitana kuti aone ming'alu ya m'makoma, ndipo iye atagogoda khoma anati: "Bambo, apa timate simenti ponseponse, udzu uchoke, tikhome malata."

Ndinamukumbutsa kuti makomawo ndi a dothi losawotcha. Khoma lotere limayamwa chinyontho nthawi ya mvula n'kuchitulutsa kukatentha, koma likaphimbidwa ndi simenti, madzi olowera pa mng'alu kapena okwera kuchokera pansi amasowa potulukira, dothi limafewa mkati, ndipo tsiku lina pulasitala amagwa atanyamula mbali ya khoma. N'chifukwa chake okonza nyumba zakale amamata ndi dothi lomwelo kapena laimu. Iye anayankha mwaulemu kuti udzu umagwira moto msanga, umafunika kufoleranso pakapita zaka, ndipo odziwa kufolera bwino akuchepa. Pamenepo ananena zoona.

Chimene chikundiwawa n'chakuti mbiri yonse ya nyumbayi ili m'zinthu zimene akufuna kuchotsa kapena kubisa, pakuti omanga ake sanasiye kalata iliyonse. Mwaye umene unadetsa phaso ukusonyeza kuti moto unkasonkhedwa mkati momwemo. Mzere woongoka umene uli pakhoma lakumbuyo ndi pamene anawonjezera chipinda banja litakula. Maziko ndi a miyala kuti dothi lisagunde nthaka yonyowa, ndipo denga ndi lotsetsereka kwambiri, monga mmene udzu umafunira madigiri 45 kapena kuposerapo kuti madzi asakhalitse, komanso linatulukira kunja kuti mvula isamenye makoma. Anthu amenewa ankadziwa chimene ankachita.

Timaiwala kuti simenti ndi malata n'zamakono. Joseph Aspdin analembetsa ku boma luso lake lopangira simenti ya Portland, mtundu wa simenti wofala masiku ano, mu 1824, ndipo Henry Palmer analembetsa luso la malata ku London mu 1829. Mzikiti waukulu wa ku Djenné m'dziko la Mali, umene unamangidwanso ndi dothi mu 1907, udakalipo chifukwa anthu amaumata chaka ndi chaka.

Eni nyumba sanagamulebe. Ndikufuna kuwapempha kuti asanagule simenti ayambe akumba ngalande mozungulira nyumbayo, chifukwa ming'alu yambiri ili kumbali kumene madzi amadikha, ngakhale ndikukayika ngati angandimvere pamene mmisiri walankhula kale.